Awiri Amene Anaguba Kumbuyo

M'zaka za Chitaganya ndinkasoka zovala pakhonde la sitolo ya Mmwenye wina ku Fort Jameson, tauni imene lero timati Chipata. Chaka chilichonse, mvula ikayandikira, asilikali akale ankandibweretsera mayunifomu awo kuti ndiwakonze, chifukwa kunkakhala perete yokumbukira anzawo amene anafera ku nkhondo. Ambiri mimba zinali zitatuluka, motero ntchito yanga yaikulu inali kusuntha mabatani.

Achimwene anga nawonso anali msilikali wakale, sajeni. Anabwerera kwathu mwadzidzidzi, ali ndi mnzawo wamtali, wosayankhulayankhula, wa kutsidya kwa malire a ku Mwami, amene tonse tinkangomutcha akopolo potsata udindo wake wa ku usilikali. Anamanga nyumba imodzi ku Kasenengwa n'kumalima mtedza ndi fodya. Palibe anakwatira. Amayi akafunsidwa ankati, "Ndi anzawo a ku nkhondo," n'kusintha nkhani. Zoona zake ndinazimvera pakhonde pomwepo, kwa makasitomala anga: akuluakulu a usilikali anadziwa kuti awiriwo amakondana monga amachitira mwamuna ndi mkazi, ndipo anawathothola mizere ya paphewa pamaso pa gulu lonse, n'kuwapitikitsa.

Kwa zaka zingapo sanaonekere ku perete. Ndiye tsiku lina m'mawa achimwene anafika pa njinga, n'kutula majekete awiri a kaki pa makina anga.

"Mlongo wanga, utikonzere awa. Loweruka tikaguba."

"Achimwene, adzakulolani?"

"Iwe ungosoka."

Ulusi wa mizere yothotholedwa ija unali udakalipo pamapewa. Ndinawafunsa ngati ndiuchotse, iwo anati ndiusiye.

Masana ake asilikali akale anayi anakhala pa benchi yanga kudikira zovala zawo. Mmodzi anazindikira majekete aja, ndipo mkangano unabuka ine ndikupalasa makina. Mkulu wa gulu lawo, bambo wa ndevu zoyera amene analinso mkulu wa mpingo, anati mzere wa asilikali ndi malo aulemu. "Msilikali amagona pambali pa mnzake m'dzenje limodzi," anatero. "Mukalola otere, ndani adzatseka maso?"

Wina wotsimphina, amene anawomberedwa mwendo m'nkhalango za kutsidya kwa nyanja, anaseka. "Ine ndinagona nawo dzenje limodzi miyezi yambiri. Chimene chinkandisowetsa tulo ndi misundu ndi zipolopolo, osati iwowo. Ndipo tonse tinkadziwa kalekale."

"Kudziwa ndi kwina, kuonetsera poyera ndi kwina," anayankha mkuluyo. "Akanabisa bwino bwenzi ali ndi mizere yawo mpaka lero."

"Ndiye mlandu wawo ndi woti sanathe kunama?" anafunsa wotsimphinayo.

Mkuluyo anatembenukira kwa ine nati, "Mayi, pepani, ndi abale anu. Koma muwauze kuti pamzere palibe malo." Ine mumtima mwanga ndinagwirizana naye pang'ono, sindibisa. Ndinkaopa manyazi, ndipo ndinali mayi wa mumpingo. Komabe majeketewo ndinawasoka, n'kuwasita ndi nsimbi ya makala mpaka anaima okha.

Loweruka gulu linasonkhana pafupi ndi msika, ng'oma ndi lipenga zili patsogolo. Dzuwa linali litayamba kale kuwotcha, mitambo yakuda itaunjikana pamwamba pa mapiri. Achimwene ndi akopolo anafika nsapato zikung'anima. Mkulu uja anawayandikira, n'kuwauza pansipansi zimene anandituma. Ine ndinagwira pamphumi, ndikuyembekeza phokoso. Achimwene anangomenya sawatcha. Kenako awiriwo anabwerera m'mbuyo mapazi ngati makumi awiri, n'kuima chilili pakati pa msewu, phewa ndi phewa.

Ng'oma italira, gulu linanyamuka, iwonso ananyamuka.

Sindinaonepo anthu akuyenda motero, ngakhale kufikira lero. Akutsogolo aja anali atakalamba ndi kuiwala. Wina phazi lamanzere, wina lamanja, mikono ili balala. Koma awiri akumbuyowo ankaponda ngati munthu mmodzi wa miyendo inayi. Fumbi linkadzuka nthawi imodzi pansi pa nsapato zawo. Maso anali kutsogolo, zibwano m'mwamba, mikono ikukwera mofanana ngati yamangidwa ndi chingwe chimodzi. Anthu a m'mbali mwa msewu anayamba ndi kunong'onezana, ena kuloza, mnyamata wina anakuwa mawu achipongwe. Iwo osaphethira n'komwe. Titafika pa positi ofesi manong'onong'o anali atatha, kunkangomveka nsapato zija. Ndinazindikira kuti ndikuthamanga m'mbali mwa msewu, nsalu ili m'manja, misozi ikutsika, ine amene ndinabwera kudzabisala kumbuyo kwa anthu.

Pa ngodya yokhotera ku boma, bambo wotsimphina uja anayamba kutsalira. Tinkayesa mwendo wamuvuta. Anatsalira, natsalirabe, mpaka awiriwo anamupeza, ndipo analowa pambali pa akopolo. Pomwepo iwo anafupikitsa mapazi awo kuti alingane ndi ake, popanda wina kuyang'ana mnzake.

Pabwalo la mwambo achimwene ndi akopolo anaima kunja kwa chingwe, pamodzi ndi ife anthu wamba. Lipenga litalira ndipo onse atakhala chete, ndinamva akopolo akutchula pansipansi mayina a anzawo amene anafera ku nkhondo, limodzi limodzi, achimwene n'kumavomera ndi mutu. Anali mayina ambiri kuposa mmene ndinkaganizira.

Mwambo utatha palibe anawathamangitsa, palibenso anawaitanira ku tiyi. Mkulu wa ndevu zoyera anadutsa pafupi nawo, anaima pang'ono ngati ali ndi mawu, kenako anapitirira. Chaka chotsatira lamulo lake silinasinthe, ndipo achimwene ndi akopolo anagubanso kumbuyo, koma tsopano akumbuyowo anali asanu.

Tsiku loyambalo ndinawaperekeza mpaka pamene anasiya njinga. Ndinafuna kunena chinachake chachikulu, koma pakamwa panangotuluka kuti, "Mwatopa, achimwene?"

"Amene watopa ndi uyu," anatero akuloza akopolo. "Dzulo lonse amagalauza munda wa mtedza."

Akopolo anamwetulira, koyamba ine kuona mano awo. Anakwera pa kaliyala, ndipo ananyamuka msanga kuti mvula isawapeze panjira ya ku Kasenengwa.