Ndinasuntha tsiku la chipatala chifukwa cha suti

Inu owerenga, ine ndine mayi wamasiye, ndipo pa umasiye wangawu pali dzanja langa. Sukulu sindinapite nayo patali, choncho ndingofotokoza mmene zinayendera.

Ine ndi amuna anga, bambo a Tadala, tinakhala m'banja zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Tinalowana pa chinkhoswe kwathu ku Ntcheu, kenako tinakalembetsa kuboma pofuna mapepala oti tibwere kuno ku Mangalande. Koma ukwati wathu sunadalitsidwe kutchalitchi. Chifukwa cha ichi sindinkavala yunifolomu ya amayi a mpingo, ndipo pa Mgonero ndinkatsala pampando anzanga akupita kutsogolo. Zinkandidya mumtima.

Titakhazikika ku Hull, ine ndikusamalira okalamba, iwo akunyamula katundu kuwelehausi, ndinawakakamira kuti tidalitse ukwati. Anavomera. Tsiku ndinasankha ndine: Loweruka lomaliza Khirisimasi isanafike. Ndinkafuna holo yonse ikhale ya Khirisimasi, maliboni ofiira ndi obiriwira, makandulo patebulo lililonse, mtengo wa nyali pakhomo. Ndinkapemphera ngakhale chipale chofewa kuti chigwe tsikulo, zithunzi zikadabwitse anthu kumudzi. Amalawi anzathu anapanga komiti, natsegula gulu la pa foni lokambirana za ukwatiwo. Kuyambira pamenepo m'mutu mwanga munalibenso china.

Mu Okutobala amuna anga anayamba kupuma mwawefuwefu. Akakwera masitepe a m'nyumba ankaima pakati, dzanja lili pachifuwa. Anapita kwa dokotala wa m'dera lathu, ndipo patapita masabata kunabwera kalata yowaitana kuchipatala chachikulu kuti akawapime mtima. Tsiku lake linali Lachinayi lina mu Novembala.

Lachinayi lomwelo ndi limene tinapangana ndi telala wathu. Anali mayi wa kwathu konkuno ku Malawi, namwino ku Newcastle, amene amasoka pa masiku ake opuma. Tsiku lina lopuma analibe, ndipo suti ndi diresi zinkafunika kuyesedwa pathupi. Ndinaiyang'ana kalata ija, ndinayang'ana kalendala. Kenako ndinatenga foni ndekha, ndinaimba kuchipatala, ndinawapatsira amuna anga kuti angovomereza kuti tsikulo sangathe. Anatipatsa lina chakumapeto kwa Januwale. Ndinaganiza kuti miyezi iwiri si kanthu.

Amuna anga anangoti, "Mayi a Tadala, chifuwachitu chikundithina." Ine ndinayankha kuti ndi kuzizira kwa kuno, ukwati ukangotha tidzapita. Ndinawapemphanso kuti asauze aliyense, ngakhale ankhoswe. Ndinkaopa kuti komiti ikamva za matenda inena kuti tidikire, ndiponso mukudziwa mmene timachitira ife: ukwati ukayandikira, za matenda timabisa, kuopa pakamwa pa anthu.

Tinapita ku Newcastle. Telala uja ankakhala m'chipinda cham'mwamba, ndipo pofika pakhomo pake amuna anga anali thukuta kamukamu, kunja kukuzizira chonchija. Akuwayeza pachifuwa ndi tepi, anasiya, nawayang'anitsitsa. "Alamu, kupuma kotereku mwakaonana nako ndi dokotala?" Amuna anga atangotsegula pakamwa ndinayankha ndine. Ndinati ndi chimfine chabe, akumwa mankhwala. Inu owerenga, ndinanamiza namwino, munthu amene akanatiuza kuti tithamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Amuna anga anandiyang'ana, kenako anaseka, nati, "Musoke yolimba, alamu, ndidzavalenso pa ukwati wa Tadala." Tonse tinaseka.

Masabata otsatira ndinawayendetsa ngati munthu wabwinobwino. Akaweruka kuntchito ndinkawatuma kukatenga mabokosi a zokongoletsera pa basi. Lamlungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi tinkatsala kuyeserera magule olowera muholo. Iwo ankavina pang'ono n'kukhala pansi, anthu n'kumawaseka kuti mkwati wakalamba. Inenso ndinkaseka nawo, ndikudziwa zimene zinali m'kalata ija.

Kutatsala masiku asanu ndi anayi, Lachinayi m'mawa, anagwa pamalo okwerera basi akupita kuntchito. Foni inandipeza ndikumwetsa tiyi gogo wina kuntchito kwanga. Pofika kuchipatala ndinapeza atatisiya kale. Dokotala anandifunsa mofatsa ngati ankadandaula kalikonse m'mbuyomu. Anaona pakompyuta kuti tsiku lopima linasunthidwa. Sanandidzudzule. Bwenzi atangondikalipira, mwina ndikanapepukidwa.

Madzulo ake wina anasintha dzina la gulu la pa foni lija, kuchoka pa ukwati kukhala maliro. Anthu ake omwewo, komiti yomweyo. Amayi amene anagawana zophika za phwando anaphika za pasiwa. Mwambo wotsanzikana unachitikira muholo yomwe tinakonza ija, ndipo eni holo anali ataimika kale mtengo wa Khirisimasi pakhomo, nyali zake zikuphethira. Suti inafika kuchokera ku Newcastle, telala ataibweretsa yekha. Anandikumbatira osanena kanthu za tsiku lija. Amuna anga anaivala m'bokosi, ndi taye yofiira imene ndinasankha ine.

Pano mpingo unandilandira, yunifolomu ndinavala, Mgonero ndimadya. Chimene ndinkachilirira chija ndachipeza, koma ndimabwerera pampando wopanda munthu pambali. Tadala, mwana wathu mmodzi yekhayo, sadziwa za kalata ija mpaka lero. Akandifunsa m'Chingerezi chakecho ngati adadi ake ankadwala, ndimayang'ana kumbali. Disembala akafika, misewu ya Hull ikayaka nyali, ndimakwera basi maso ali pansi. Mabokosi a maliboni akadali pansi pa bedi.

Sindikudziwa ngati kupimako kukanawapulumutsa. Palibe amene angandiuze, ndipo funso limeneli ndidzafa nalo.

Amayi anzanga, makamaka inu muli kunja kuno, kalata ya chipatala ikabwera musaisunthe, kaya pali ukwati, kaya shifiti, kaya telala. Munthu wanu akanena kuti m'chifuwa mukuthina, siyani zonse. Musabise matenda kwa ankhoswe poopa kuti phwando liima, liime. Ndipo wina akafunsa mwamuna wanu mmene akumvera m'thupi, tsekani pakamwa ayankhe yekha. Anga aja anali atatsegula kale pakamwa, ine ndinawadula mawu.