Makoko a Lucinda

Ku Domwe ukafunsa za matiresi, amene ife timati kolishawu, aliyense ankakulozera kwa a Adelina. Ntchitoyi anaiphunzira ku mishoni ali mtsikana: kusoka matumba a kachewere n'kuthiramo makoko a chimanga. Komatu osati makoko wamba. Akunja olimba aja ankataya, ati amabaya. Ankasankha am'kati okhaokha, n'kuwayanika masiku atatu, kenako n'kuwang'amba ndi chikhadabo mpaka asanduke tiluzi. Pakamwanso anali napo mayi ameneyu! Ukawabweretsera makoko achinyezi ankakufunsa ngati ukufuna kugona kapena kulima bowa.

Amuna awo anatengedwa ndi anthu amfuti kuti akasenze katundu, osabwerakonso. Anawasiyira mwana mmodzi, Lucinda, wa zaka zisanu ndi ziwiri, wopuwala miyendo yonse. Mwana wongogona tsiku lonse mphasa imamudya, ndipo zilonda zinatuluka m'chiuno ndi kumsana. A Adelina anamusokera matiresi akeake. Makoko anatola m'minda itatu, lililonse akuyamba aliyesa patsaya pawo. Mwezi usanathe zilonda zinayamba kuuma.

Nkhondo itafika pafupi, mudzi wonse unayamba kukabisala kuchigwa dzuwa likangopendeka. A Adelina anabereka mwana kumsana, matiresi pamutu. Kumeneko ndiye kunatulukira chimene sanachiganizirepo: makoko ouma bwino amalira. Lucinda akangotembenuka pang'ono, tswa tswa tswa, chigwa chonse kumva.

A Caetano, akatekisiti a m'mudzimo, anawayandikira chokwawa.

"Mayi, chinthu chanuchi chitiphetsa," ananong'ona.

"Bambo, mwanayu ali ndi zilonda."

"Tikudziwa, mayi. Koma panonso pali ana a anzanu."

Mayi wosasowa chonena uja anadula msoko ndi mano, n'kukhuthulira makoko onse mumtsinje, Lucinda akuyang'ana. Chinawapweteka kwambiri n'chakuti luso lawo lomwe ndilo linawapachika. Akanathiramo achinyezi ankanyoza aja, bwenzi matiresiwo ali duu.

Sabata yomweyo anawoloka malire pa Kalomwe kulowera ku Dedza, mwana kumsana, thumba lopanda kanthu lili m'khwapa. Ankadzilimbitsa mtima kuti chimanga chimalimidwa konsekonse. Koma kumsasa wa othawa nkhondo anawapatsa ufa wogayagaya. Ufa ulibe makoko, abale! Anazungulira m'midzi ya eni dziko kupempha, koma inali nyengo yososa: mapesi anali atatenthedwa kale, otsala ng'ombe zitadya. Anayesa udzu, unabaya. Anayesa masamba a nthochi, tsiku limodzi lokha anaphwatalala ngati nsanza.

Zilonda zinatsegukanso, zazikulu kuposa kale. A Adelina, amene anagoneka pofewa aphunzitsi ndi akwati a Domwe yonse, ankangokhala pambali n'kumaingitsa ntchentche. Zinawawawa mpaka kulephera kupemphera.

Tsiku lina masana akumutsuka zilondazo, Lucinda anasisita thumba lopanda kanthu limene anagonapo.

"Amayi," anatero, "mukandisokera matiresi ena, ndikulonjeza, sindidzatembenukanso."

A Adelina anamunyamula pang'onopang'ono, kufunafuna mbali yopanda chilonda yoti amugonekere, koma sanaipeze.