Bambo Onunkhiza Rediyeta

Ku Biwi kuli bambo ena owotcherera marediyeta amene Gilford, dalaivala wa chilole cha mchenga, sawaiwala. Bambowa sagwira sipanala asananunkhize rediyeta. Akamva fungo la fodya kapena dzira, zomwe madalaivala amathiramo kuti atseke podontha, amangoti, "Galimoto sidya, mwanawe."

Chaka china mvula itayandikira, Gilford ananyamula feteleza wa makuponi wa anthu akumudzi kwawo, kumene msewu suyendeka kukagwa mvula. Rediyeta itayamba kudontha, iye anathiramo ufa. Anafika ku Biwi injini ikuwira.

Bambowa ananunkhiza, n'kumuyang'ana. "Phalali waphikira ndani?"

Sanamukalipire. Anamasula mapaipi ndi mabawuti, awiriwo n'kuthandizana kutsitsa chirediyetacho. Anachitsuka mpaka madzi kuyera, anapoperamo mpweya ndi pampu ya njinga, ndipo thovu la sopo amene anachipaka linaulula bowo. Atawotcherera anachibwezera, bawuti lililonse kumanga okha.

Feteleza anafika mvula isanagwe. Atakolola, mayi ake a Gilford anatumiza thumba la ufa ku Biwi. Bambowa analilandira ndi manja awiri.

"Koma uwu," anatero, "wafika pamalo pake."