Wotchi ya Mkulu Wophika Soba

Ku Suzuka, pafupi ndi bwalo la mpikisano wa magalimoto, kuli mkulu wina wophika soba, chakudya cha ufa chooneka ngati tizingwe titalititali. Salankhula zambiri. Akaponya soba m'madzi owira, maso amakhala pa wotchi yakalekale ya pamkono pake, ndipo ukamuchedwetsa amangoti, "Sekondi imodzi ndi mtunda wautali."

Tsiku lina Ritsuo, wamalonda wachinyamata wogula ndi kugulitsa mawotchi akale, anaiyang'anitsitsa wotchiyo, timitengo todyera n'kumupulumuka m'manja. Inali imodzi mwa zija kampani yothandiza mpikisano inkapatsa wopambana yekha, italemba dzina lake kumbuyo. Kugulitsa yoteroyo, mkuluyo akanagula nyumba, Ritsuo n'kutsegula sitolo yakeyake.

"Agogo, kodi inu munkathamangitsa galimoto?"

"Ndinapambanapo kamodzi. Idya, zikuzizira."

"Ndiioneko, chonde!"

Mkuluyo anaivula n'kumupatsa, Ritsuo n'kuitembenuza. Kumbuyo kunali kosalala ngati supuni.

"Nanga dzina lili kuti? Anthu amalipirira dzinalo!"

"Ndinalipala ndi tupa."

"Tupa? Agogo inu, mwapala nyumba yathunthu!"

Mkuluyo anatambasula dzanja kuti amubwezere.

"Galimoto ija tinaikonza anthu khumi ndi awiri, iwe. Dzina langa lokha linkandiyabwa pamkono."