Mabawuti Atatu Kuseri kwa Mtanda

A Manasseh Harawa akhala akusema mabwato kuyambira unyamata wawo, kugombe la kumunsi kwa phiri la Khondowe. Sukulu analekezera sitandade 4, koma pa mtengo dzanja lawo silinkaphonya. Akhristu a parishi yawo atamanga tchalitchi cha njerwa zootcha, cha mazenera osongoka ngati mphuno ya bwato, ndi iwowa amene anasema mtanda wa kuguwa. Unali wa mbawa, wautali kuposa munthu. Yesu wake anali wa nthiti zoonekera ndi manja a zikang'a ngati msodzi. Ena anang'ung'udza, kenaka anazolowera.

Chaka chimene nyanja inakwera, madzi anadya mchenga mpaka pa maziko a tchalitchi. Lachiwiri lina m'mawa khoma la kuguwa linang'aluka kuchokera kudenga mpaka pansi. Wansembe, Bambo Peter, anatulutsa Ukalistia ndi mabuku, n'kulamula kuti pasalowenso munthu.

"Nanga mtanda, Bambo?" anafunsa a Harawa.

"Mtengo tidzasema wina, a Harawa. Munthu sitingaseme."

"Uli pa mabawuti atatu, kuseri. Ndinamanga ndine."

Sanadikire yankho. Analowa ndi makwerero, sipanala ndi sowo, ali ndi zaka 71. Mwana wawo Diana, wogulitsa usipa pamsewu, anataya beseni n'kuwathamangira.

"Adada, tulukani!"

"Ngati walowa, gwira makwerero."

Diana anagwira, iwo n'kukwera. Pansi panali madzi ofika m'kakolo. Bawuti yoyamba inamasuka, yachiwirinso. Yachitatu inali itagwira dzimbiri. A Harawa atakanikiza ndi mphamvu, khoma linalira, dothi n'kuwagwera m'maso. Mng'alu uja tsopano unkaonetsa nyanja.

"Adada, likusuntha!"

"Ndamva. Patse sowo."

Anayamba kucheka mutu wa mtanda, pansi pa bawuti yokanayo. Mbawa youma sichekeka msanga. Panja azimayi amene anasonkhana anali atasiya kukuwa, kunkangomveka sowo ndi mafunde. Mtanda utapendekeka, Diana anaulandira paphewa, mawondo n'kugwa m'madzi. Apo Bambo Peter ndi asodzi awiri analowa chothamanga, nawukokera kunja.

A Harawa anatuluka pomaliza. Anakhala pansi.

"Yewo chomene," anathokoza asodziwo m'Chitumbuka. Diana sanamuthokoze, naye sanawayang'ane.

Khomalo linagwa Lachinayi masana, popanda munthu pafupi.

Masiku ano Misa imachitikira m'kalasi ya kupulayimale, kumtunda kwa msewu. Mtanda wodukamutuwo amautsamiritsa pa bolodi. Diana anatha mwezi osalankhula ndi bambo ake, phewa lake limamuwawabe kukazizira. Komiti ikufuna a Harawa aseme chitseko cha tchalitchi chatsopano. Iwo ayankha kuti ayambe aona kaye pamene pakumbidwe maziko.