Ingotayirani Pawindo

Aphunzitsi ena opuma a ku Namitete satchula liwu loti "kukodza". Amati n'kutukwana. Amavala buluku la khaki losita bwino, botolo la madzi kumanja chifukwa cha matenda a shuga, ndipo mawu awo sasintha: "Munthu ndi kudzigwira."

Tsiku lina ali m'minibasi yopita ku Lilongwe, zinawathina atangodutsa Chitedze.

"Akondakitala, taimani nditaye madzi," ananong'ona.

Kondakitala anayang'ana botolo lija. "Ingotayirani pawindo, bambo."

Liwu lina lija linawakanika kutchula. Anangomva kutentha kukutsika m'miyendo, mkodzo n'kuyenderera mpaka kumapazi a mayi wina amene iwo anamuphunzitsa kale.

Mayiyo anamasula chitenje n'kuwafunditsa pamiyendo. "Aphunzitsi, botolo lanu likudontha."

Botololo linali chitsekere.