Fyuzi Imene Ndinamanga ndi Waya

Ndinapasula banja langa chifukwa chokonda phokoso. Sindikulemba kuti mundimvere chisoni, pakuti chisoni sichingandibwezere kanthu. Ndikulemba kuti wina wa mtima ngati wanga aime kaye.

Ndine mlimi wa chimanga, kwathu ndi mudzi wina pakati pa Mpanshya ndi Shikabeta. Chaka china nditakolola bwino ndinagula kagalimoto kakale, ndipo m'mudzi monse galimoto inali yanga yokhayo. Nthawi imeneyo mkazi wanga Esinati anali ndi pakati koyamba, titadikira zaka zisanu ndi chimodzi anthu akutinena. Kuchipatala anatichenjeza kuti magazi ake akuthamanga kwambiri, akangomva zachilendo tisachedwe. Ine ndinadziguguda pachifuwa kuti galimoto ilipo, nkhawa ya chiyani?

Inu owerenga, ine ndinkafuna kuti ndikamadutsa pa msika wa Rufunsa anthu azitembenuka asanandione. Ndinapita ku Lusaka n'kugula amplifaya, kabokosi kokweza mawu a nyimbo. Ndinasankha imene pa katoni pake panali nambala yaikulu kuposa zonse m'sitolomo. Za masipika anga sindinafunse n'komwe.

Ndinapita nayo kwa ba Mwale, amene amakonza mawaya a magalimoto pa Rufunsa. Anatembenuza sipika imodzi, kuwerenga kumbuyo kwake, n'kupukusa mutu. Anandiuza kuti nambala ya pa katoni ndi yokopera ogula, yoona ndi yaing'ono yolembedwa RMS, ndipo iyenera kuyenderana ndi ya masipika. Anatinso masipika asanu ndi imodzi amene ndinkafuna kulumikiza pamodzi adzaikoketsa moto woti mawaya anga owonda sangaupirire.

"Ba bosi, iyi amp si yanu," anatero. "Bwezani mutenge ing'ono. Mukachita makani, motoka izapsa."

Ine ndinaona ngati ndi nsanje. Ndinakalumikiza ndekha kunyumba. Fyuzi inapsa tsiku lomwelo. Ndinaika ina, inapsanso. Kachitatu ndinachita zimene timachita kumudzi chinthu chikaduka, ndinamanga ndi waya. Kwathu njinga timamanga ndi waya, patapata ndi waya, chitseko ndi waya, ndipo zimayenda. Sindinadziwe kuti fyuzi imapsa dala kuti galimoto ipulumuke.

Esinati ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, msuweni wanga anachita ukwati ku Shikabeta. Kumaloko kulibe magetsi, choncho anandipempha kuti galimoto yanga ikaimbe. Mkazi wanga anandigwira mkono n'kunena kuti, "Amuna anga, masiku ano motoka isachoke pakhomo." Ndinamuseka kuti ndibwera dzuwa lisanalowe.

Nditafika ndinatsegula zitseko zonse ndi buti, n'kukweza nyimbo mpaka kumapeto. Amayi anavina mpaka fumbi kobo, nthungululu zili pakamwa, anthu akunditchula dzina. Kunena zoona, ndinamva kukoma. Dzuwa litapendeka ndinamva fungo la pulasitiki, kenako utsi unatuluka pansi pa mpando. Amuna anathira mchenga moto n'kuzima, koma mawaya onse anali atasungunuka mpaka kutsogolo. Galimoto inatsala pomwepo pansi pa mtengo wa mango, ine ndinabwerera kunyumba pa njinga yobwereka. Esinati anangoyang'ana njingayo.

M'mawa mwake anadzuka mutu ukumuwawa, m'maso mukuchita chidima. Posakhalitsa magazi anayamba kutuluka. Ndinaimbira foni aliyense amene ndimamudziwa kumsewu waukulu, onse anali kutali. Tinamugoneka pa ngolo ya ng'ombe. Ulendo wa kuchipatala umene pa galimoto sufika ola unatitengera theka la tsiku, ine ndikuyenda pambali, ndikumva kubuula kwake pa mwala uliwonse. Anamwino anachita zonse zimene akanatha, ndipo mkazi wanga anapulumuka. Mwana wathu wamkazi anabadwa atafa kale. Sindinafunse ngati akanakhala moyo tikanafika msanga, chifukwa ndinkaopa yankho lake.

Esinati sanandikalipire ngakhale kamodzi, ndipo zimenezi ndi zimene zimandipweteka kwambiri. Atatuluka m'chipatala anapita kwa amayi ake, mpaka lero. Ndapitako katatu ndi ankhoswe. Esinati amandigwadira, kundipatsa moni waulemu ngati mlendo, n'kulowa m'nyumba. Sindikuonanso kuti adzabwera.

Inu owerenga, musanagule amplifaya werengani kaye kumbuyo kwa masipika anu. Musakopeke ndi nambala ya pa katoni. Wodziwa ntchito akakuuzani kuti chinthucho si chanu, mverani, ngakhale mawu ake akuwawa. Fyuzi ikapsa kawiri, siyani kuikamo waya, pitani mukafunse. Ndipo ngati pakhomo panu pali munthu amene moyo wake ukudalira galimoto imeneyo, musaiyese choseweretsa.

Galimoto ija ikadali ku Shikabeta, nkhuku zimaikiramo mazira. Koma amplifaya sinapse ayi. Ba Mwale anaiyesa, ili bwinobwino ngati yatsopano. Ndinaiika pansi pa bedi, pafupi ndi kachikwama kamene Esinati anakonzeramo matewera ndi kachipewa ka mwana. Masiku ano m'nyumba mwanga muli zii, ngakhale wailesi sindiyatsa.